Chilembo B pa thumba la feteleza ndi nkhondo yolimbana ndi khansa

Mvula yagwa usiku wonse kwa Kapelula, ndipo pofika mbandakucha mizere yanyowa mpaka pansi. Fodya amene anawokeredwa masiku apitawa wadzuka, timasamba tayang'ana kumwamba. Kumutu kwa munda njinga yatsamira pachitsa, ndipo pakaliyala pali thumba la feteleza wa Super D la makilogalamu 50, lomangidwa ndi malamba a chubu.

Bambo adula ulusi wa pakamwa pa thumba ndi mpeni. Mayi atapira feteleza mu ndowa. Kenako ntchito iyamba: mmodzi atsogola ndi kamtengo kosongoka kubaya dzenje pambali pa phando lililonse, wina atsatira ndi kakapu kuthira, wachitatu akwirira ndi chidendene. Zolankhula n'zochepa. Dzuwa lisanakwere afuna akhale atafika pachulu.

Palibe amene ali ndi mpata wowerenga zolembedwa pathumba.

Koma zilipo. Pali manambala atatu akuluakulu oimira zakudya zitatu zimene mbewu imafuna kwambiri. Kenako pali chilembo S. Kumapeto kwenikweni kuli chilembo B ndi kanambala kakang'ono, kosafika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100.

B ameneyo ndi boroni.

Alangizi a fodya amamudziwa bwino. Akasowa m'nthaka, nsonga ya fodya imafa, masamba anthete amapindika n'kumathyoka msanga. Mu mtedza, umene ndi mbewu ina yodalirika kuno ku Kasungu, kusowa kwake kumasiya njere yobowoka pakati. Akachuluka, m'mphepete mwa masamba mumapsa. Mbewu imamufuna pang'ono chabe, koma singakule popanda iye, ndipo amene anatsimikizira zimenezi ndi mayi wina wasayansi wa ku England, Katherine Warington, mu 1923.

Boroni yemweyu lero ali pakamwa pa akatswiri a khansa ku Italy, ku Korea ndi ku Japan. Ena mwa iwo akukhulupirira kuti akaikidwa m'chotupa cha khansa, angathe kuwonjezera ukali wa chithandizo chamakono chowotcha khansa ndi tinthu totchedwa mapulotoni. Ena akutsutsa. Mkanganowo sunathe, ndipo ndi wofunika kuumva bwino, chifukwa nkhani za mankhwala a khansa zikamafika kumudzi kudzera pa foni zimafika zitakula kale kuposa msinkhu wake.

Nsima ikayamba kukakamira

Matendawa amayamba mwakachetechete. Bambo amene wakhala akudya mitanda itatu osavutika aona kuti nsima yayamba kukakamira pachifuwa. Amwera madzi, itsika. Patapita miyezi nsima yakanika, asamukira ku phala. Kenako phala nalo liyenera kukhala lamadzimadzi. Lamba wa thalauza aboolanso bowo lina, kenako linanso. Pofika tsiku lokwera kabaza kupita kuchipatala, ngakhale malovu akuvuta kumeza.

Imeneyi ndi khansa ya kummero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene matendawa ndi ochuluka kuposa kwina kulikonse padziko lapansi. Ofufuza amene agwira ntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre akhala akuloza zinthu zingapo: kusuta, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe chopichira pa pepala, mowa waukali monga kachasu, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera, ndi chizolowezi chomwa tiyi kapena phala likadali lotentha kwambiri. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikufotokoza zonse pachokha.

Kwa amayi nkhani ndi ina. Magazi otuluka nthawi yosakhala ya kumwezi, kapena mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, msana wopweteka. Ambiri amapirira mwamanyazi. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'dziko muno. Chiyerekezo cha bungwe lofufuza za khansa la IARC cha 2020 chinasonyeza kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo pachaka ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira. Pa khansa zamitundu yonse, chiyerekezo chomwecho chinali anthu pafupifupi 18,000 odwala kumene, ndi imfa zoposa 12,000.

Njira ya wodwala wa kwa Kapelula ndi yodziwika. Amayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Akamutumiza, apita kuchipatala cha boma ku Kasungu. Kuchoka apo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1 kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene angadule kanyama ka chotupacho n'kukapima. Labotale yopima tinyama totere pachipatalachi inayamba kugwira ntchito mu 2011 mothandizana ndi UNC Project.

Pa sitepe iliyonse pamafunika ndalama ya thiransipoti, ya anthu awiri, chifukwa wodwala sayenda yekha.

Makina amene tinawadikira zaka zambiri

Akatswiri a bungwe loona za mphamvu ya atomu la IAEA amati pafupifupi theka la odwala khansa amafunika chithandizo cha cheza, chimene anthu amangoti kuwotcha. Kwa zaka zambiri, chithandizochi Malawi muno munalibe. Dokotala ankatha kuona bwinobwino chimene wodwala akufunika, koma m'manja mwake munali kemo, mpeni wa opaleshoni ndi mankhwala opha ululu basi.

Amwayi ochepa ankatumizidwa kunja. Ena ku India pa ndalama za boma, atadikira pa mndandanda wautali. Ena ku Lusaka, kumene Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007, ena ku Ocean Road ku Dar es Salaam. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene limathandiza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ku Blantyre, linafika potumiza odwala ake ku Kenya.

Tenanti wa pa esiteti ya fodya pamndandanda wotere ankafikapo mwa apo ndi apo, ngati ankafikapo n'komwe.

Zinthu zasintha posachedwapa. Mu 2022 IAEA inakhazikitsa ndondomeko ya Rays of Hope, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko asanu ndi awiri oyamba a mu Africa kulowamo. Mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinatsegulidwa ndi makina owotchera khansa. Chaka chomwecho dziko la India linapereka makina owotchera khansa a Bhabhatron pamene mtsogoleri wake, Droupadi Murmu, anadzacheza kuno. Ndipo mu Julaye 2025 chipatala cha boma cha National Cancer Centre, pafupi ndi Kamuzu Central, chinatsegulidwa mwalamulo patatha zaka zambiri ntchito yomanga ikuchedwa.

Ndi chinthu chachikulu, ndipo aliyense amene anaperekezapo m'bale wake kukamva mawu akuti «kuno sitingathe» akudziwa kukula kwake.

Makina amenewa amagwiritsa ntchito cheza champhamvu cha mtundu wa X-ray kapena chochokera ku cobalt. Mapulotoni ndi nkhani ina, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kwabala kafukufuku wa boroni.

Kumwaza ndi kuthira paphando

Cheza cha X-ray chikalowa m'thupi chimayamba kusiya mphamvu yake pafupi ndi khungu, chimadutsa pachotupa, n'kutulukira mbali inayo. Chilichonse chimene chili panjira chimalandirako: mtima, mapapo, matumbo. Madokotala amachenjera powombera kuchokera mbali zosiyanasiyana kuti mphamvu yochuluka ikumanire pachotupa, ndipo makina amakono amachita zimenezi mwaluso. Komabe minofu yabwino imalandira gawo lake.

Pulotoni ndi kanthu kakang'ono ka m'kati mwa atomu. Makina aakulu amaithamangitsa mpaka kupitirira theka la liwiro la kuwala, n'kuilozetsa pa wodwala. Polowa imasiya mphamvu yochepa. Ikamapita m'kati liwiro limatsika, ndipo pamene yatsala pang'ono kuima m'pamene imakhuthula mphamvu yake yambiri nthawi imodzi. Kuseri kwa pamenepo sikufika kanthu. Woyendetsa makina ndiye amasankha kuya kwake, mpaka masentimita pafupifupi 30.

Mlimi aliyense akudziwa kusiyana kwa kumwaza feteleza munda wonse ndi kuthira paphando ndi kakapu. Pulotoni imathira paphando.

Khalidwe limeneli analiona koyamba William Henry Bragg kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pofufuza tinthu tina ta atomu. Mu 1946 Robert Wilson wa ku America analemba kuti lingathandize odwala khansa. Odwala oyamba anathandizidwa ku Berkeley mu 1954, ndipo malo oyamba otere a ku America omangidwa m'kati mwa chipatala anatsegulidwa ku Loma Linda, ku California, mu 1990. Lero malowa aposa 100 padziko lonse, ambiri ku America, ku Ulaya, ku Japan ndi ku China. Phindu lake limaoneka kwambiri mwa ana, amene matupi awo akukulabe, ndi pa zotupa za pafupi ndi ubongo, diso kapena fupa la msana.

Koma pulotoni ili ndi malire. Imalunjika bwino, inde, koma ukali wake pa selo ya khansa umangoposa wa X-ray ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pali zotupa zouma mutu zimene cheza wamba sichizitha, ndipo pa zimenezo pulotoni nayo imavutika.

Apa m'pamene boroni akulowera.

Atatu kuchokera mwa mmodzi

Boroni wachilengedwe ali m'mitundu iwiri. Pa maatomu 100 aliwonse, pafupifupi 80 ndi a boroni-11, ndipo 20 otsalawo ndi a boroni-10. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene Mark Oliphant ndi Ernest Rutherford ankayesa zinthuzi ku Cambridge, zadziwika kuti pulotoni yoyenda pang'onopang'ono ikagunda mtima wa boroni-11, mtimawo umasweka n'kutulutsa tinthu titatu totchedwa alfa.

Alfa ndi yolemera kuposa pulotoni kanayi. Siyenda patali: imathera m'kamtunda kofanana ndi kukula kwa maselo awiri kapena atatu. Koma m'kamtunda kameneko imawononga koopsa. Imadula DNA ya selo malo ambiri oyandikana, moti seloyo imalephera kudzikonza.

Mu 2014 akatswiri atatu a ku Catholic University of Korea, Do-Kun Yoon, Joo-Young Jung ndi Tae Suk Suh, anagwirizanitsa mfundo ziwirizi. Mapulotoni amakhala atatsika liwiro akafika m'chotupa, ndipo liwiro lotsikalo ndi limene boroni-11 amasweka nalo mosavuta. Ndiye ngati wodwala atapatsidwa mankhwala onyamula boroni amene amaunjikana m'maselo a khansa, alfa zingabadwire m'chotupa momwemo, osati m'minofu yabwino ya panjira. Zimenezi anaziwerengera pa kompyuta, sanaziyese pa chamoyo.

Oyamba kuyesa anali a ku Catania, pachilumba cha Sicily ku Italy, motsogozedwa ndi Pablo Cirrone wa ku bungwe la INFN. Anatenga maselo a khansa ya prostate okulira m'timbale ta mu labotale. Ena anawapatsa mankhwala a boroni otchedwa BSH, ena sanawapatse. Onse anawawombera ndi mapulotoni. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'magazini ya Scientific Reports mu 2018, zinasonyeza kuti maselo okhala ndi boroni anafa ochulukirapo, ndipo maselo a mtundu wina amene anayesedwa chimodzimodzi anali ndi zophwanyika zamtundu umene alfa imasiya.

Nkhaniyo inamveka dziko lonse. Kenako anzawo anatenga pensulo.

Atawerengera, anapeza kuti pa mlingo wa boroni umene unagwiritsidwa ntchito, mapulotoni ogundadi boroni ndi ochepa kwambiri, moti alfa zobadwa pamenepo sizingakwane kufotokoza imfa ya maselo ochuluka chotero. Kuperewerako sikwapang'ono ayi, ndi kwa maulendo mazanamazana. A ku Catania nawo anavomereza kuti masamu ndi zimene anaona sizikugwirizana. Gulu lawo litabwereza ntchitoyi ku Pavia, pa malo othandizira odwala a CNAO, linaonanso kusintha. Koma magulu ena, ku America ndi ku Japan, atayesa m'malabotale awo sanapeze phindu looneka.

Ena akuganiza kuti chikugwira ntchito ndi boroni-10, pogwira tinthu tina totchedwa manyutuloni timene timabadwa mapulotoni akamadutsa m'thupi. Ena akuti mwina maselo ovulazidwa amatumiza uthenga wa imfa kwa anzawo oyandikana nawo. Ena akuti palibe chilichonse.

Chimene owerenga ayenera kugwira n'chakuti njirayi ikadali mu labotale. Si chithandizo chimene dokotala aliyense, kulikonse padziko, angalembere wodwala lero.

Ine mkanganowu ndimaulemekeza. Anthu amene akanatha kutchuka ndi kulemera pongolengeza kuti apeza mankhwala akulola anzawo kuwatsutsa poyera, ndi manambala, wodwala asanagonekedwe pa tebulo. Umu ndi mmene mankhwala oona amabadwira, ndipo ambiri amafera panjira.

Mkulu wake amene wafika kale m'chipatala

Pali njira ina ya boroni, yakale kuposa iyi, imene yafika kwa odwala. Imagwiritsa ntchito boroni-10 ndi manyutuloni, ndipo imadziwika ndi zilembo zakuti BNCT. Nyutuloni yoyenda pang'onopang'ono ikalowa mu boroni-10, amasweka pawiri, ndipo zidutswazo zimathera m'kati mwa selo imodzi. Mwayi woti kugundanaku kuchitike ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi wa pulotoni ndi boroni-11. Pamenepa masamu sakayikitsa.

Ganizoli analilemba Gordon Locher mu 1936. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo William Sweet analiyesa pa odwala ku Brookhaven, ku America, kuyambira mu 1951, ndipo zinakanika: boroni sankakhala m'chotupa mokwanira, ankatsala m'magazi, n'kuwononga mitsempha ya ubongo. Ntchitoyo inaima. Hiroshi Hatanaka anaitola n'kupita nayo ku Japan mu 1968 ndi mankhwala a BSH, omwe aja anadzagwiritsidwa ntchito ku Catania. Pambuyo pake kunabwera mankhwala ena, BPA, ofanana ndi chakudya china chimene maselo a khansa amachimeza mwadyera.

Mu Malichi 2020 boma la Japan linavomereza njirayi pa khansa ya m'mutu ndi m'khosi imene singachotsedwe ndi opaleshoni kapena yabwereranso. Mankhwala ake ndi a kampani ya Stella Pharma, makina ndi a Sumitomo Heavy Industries. M'makinamo mulinso mapulotoni, koma safika pa wodwala: amagunda chitsulo cha beryllium kuti chitulutse manyutuloni.

Kuchokera pa ganizo mpaka pa chilolezo panadutsa zaka 84.

Vuto lalikulu m'zaka zonsezo silinali makina. Linali kupeza chonyamulira chimene chingafikitse boroni m'selo ya khansa n'kusiya selo yabwino. Vuto lomwelo likudikira a mapulotoni.

Chenjezo

Apa ndiyenera kulankhula mosapsatira, chifukwa tikudziwa mmene zimakhalira. M'mabasi, m'misika ndi pa WhatsApp simusowa munthu wogulitsa botolo lochiza khansa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi imodzi. Tsiku lina wina adzamva dzina la boroni n'kulimata pa botolo lake.

Boroni payekha sachiza khansa. M'njira zonse ziwirizi iye ndi chandamale chabe, chodikira kuwomberedwa ndi makina olemera matani ambirimbiri. Popanda makinawo palibe chimene chimachitika. Mankhwala a BSH ndi BPA amapangidwa mwapadera, amalowetsedwa m'mitsempha pa mlingo woyezedwa, dokotala ali pomwepo. Feteleza, ufa wa borax, kapena mankhwala a boroni opopera mbewu ndi ophera mphemvu ndi poizoni kwa munthu. Amasanzitsa, amatsegula m'mimba, amawononga impso, ndipo mwana wamng'ono angafe nawo.

Choopsa china cha botolo lotere ndi miyezi imene limadya. Chotupa chimene chikanachotsedwa mu Epulo chimafika ku Lilongwe mu Novembala chitafalikira.

Africa inali nawo

Ambiri sadziwa kuti chithandizo cha mapulotoni chinakhalapo kumwera kwa Africa kuno. Ku Faure, kunja kwa mzinda wa Cape Town, malo ofufuzira amene lero amatchedwa iThemba LABS anayamba kuthandiza odwala ndi mapulotoni mu 1993, nthawi imene mayiko ambiri a ku Ulaya analibe. Odwala oposa 500 anadutsa pamenepo. Makinawo ankagawana nthawi ndi ntchito zina za kafukufuku ndi kupanga mankhwala a cheza, ndipo m'kupita kwa zaka chithandizocho chinaima.

Ngati South Africa, ndi chuma chake ndi mayunivesite ake, inalephera kusunga chithandizochi, tiyenera kumva kulemera kwake. Malo a chipinda chimodzi amadya madola mamiliyoni makumi angapo. Akuluakulu amapitirira madola 100 miliyoni. Pamwamba pake pamafunika magetsi osazima, madzi ozizira oyenda usana ndi usiku, ndi mainjiniya okhala pomwepo.

Ndipo pali mfundo ina imene otsatsa zamakono sakonda kuitchula. Pa khansa zambiri zimene zikupha Amalawi, makina wamba amagwira ntchito bwino. Khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka isanafalikire imachizika ndi cheza cha kunja, kuphatikiza kemo ndi njira yoika kanthu ka cheza m'kati, pafupi ndi chotupa, imene madokotala amati brachytherapy. Njira yomalizayi nayo imathira paphando, ndipo mtengo wake sungayerekezedwe n'komwe ndi wa mapulotoni.

Choncho funso la kwa Kapelula si lakuti mapulotoni afika liti.

Masabata asanu kutali ndi munda

Chithandizo cha cheza si cha tsiku limodzi. Mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero amagona pamakina mphindi zochepa patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata asanu kapena kuposerapo, ndipo zonse ziyenera kutha m'masabata pafupifupi asanu ndi atatu. Akadukiza, maselo a khansa amapeza mpata wochulukananso, ndipo mwayi wochira umatsika.

Tsopano taganizani za kalendala ya fodya. Nazale imafesedwa chilimwe, n'kumathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa n'kuwokera, kuthira feteleza, kupalira, kubandira. Januwale ndi Febuluwale n'kuthyola, kusoka, kupachika pamikangala m'chigafa, nthawi yomweyo nkhokwe ili pululu. Kenako kusankha, kumanga, kudinda mabelo pa jeke, kudikira galimoto ya ku okushoni ya Chinkhoma kapena Kanengo. Ndalama imalowa m'nyumba kamodzi pachaka, ngongole ya zipangizo itadulidwa kale.

M'kalendala ameneyu mulibe mwezi umene banja lingataye anthu awiri akuluakulu kwa masabata asanu ndi atatu osagwa. Wodwala apita, womudikirira apita naye. Ku Lilongwe afunika pogona, ufa, ndiwo, makala, sopo. Chithandizo pachipatala cha boma n'chaulere, koma kukhala mu mzinda si kwaulere. Mabanja ambiri amasankha kudikira fodya agulitsidwe kaye, ndipo khansa siidikira msika.

Apa m'pamene ndalama yochepa ingapulumutse anthu ambiri. Nyumba yogona odwala ochokera kutali pafupi ndi makina. Galimoto ya chipatala cha boma yonyamula otumizidwa pa tsiku lodziwika. Zotsatira za kanyama kopimidwa kufika pa foni ya namwino wa kumudzi, m'malo moti wodwala akwere minibasi kukamva kuti sizinatuluke. Mgwirizano wokonza makina umene ndalama yake ilipo chaka chilichonse, chifukwa m'mayiko angapo a mu Africa makina otere akhalapo miyezi atafa podikira kachitsulo kamodzi kochokera kunja. Makampani ogula fodya, amene amalemba alimi pa kontirakiti ndipo amadziwa munda uliwonse ndi mwini wake, angathe kunyamulako gawo la katunduyu ngati atafunsidwa mwamphamvu.

Ndipo kumbuyo kwa zonsezi kuli zinthu ziwiri zotsika mtengo zimene zili kale m'manja mwathu. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9, atayesedwa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Mphekesera yakuti amatseketsa kubereka ndi yabodza, ndipo yalanda ana ambiri chitetezo. Chachiwiri ndi kuyezetsa. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kuyang'ana ndi nyali. Malo amene ayamba kusintha amayera. Akapezeka msanga amawotchedwa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kogwira m'manja, njira imene chipatala cha Nkhoma chinasonyeza kuti imatheka ngakhale kumudzi. Mayi amabwerera kwawo madzulo ake.

Sindikunena kuti za ku Catania tizisiyire eni ake. Makina a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sangayende popanda akatswiri a fizikisi ya zachipatala, anthu amene amayeza mlingo wa cheza m'mawa uliwonse wodwala woyamba asanalowe, ndipo bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limafunikanso anthu otere poyang'anira chitetezo. Iwowa ndi amene adzawerenge kafukufuku wa boroni n'kuuza boma ngati ndi woyenera kuikapo ndalama kapena ayi, tsiku limene wogulitsa makina adzafike ku Capital Hill ndi zithunzi zokongola. Dziko lopanda anthu otere limagula chilichonse chimene lauzidwa.

Akatswiriwa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ambiri anakaphunzirira kunja. Kuphunzitsa mmodzi kumatenga digiri ya fizikisi, digiri yachiwiri, ndi zaka zina ziwiri zophunzira ntchito m'chipatala. Mwana amene ali Fomu 2 chaka chino pa sekondale yoyendera ya kwa Kapelula angafike pamenepo zaka zoposa khumi zikubwerazi, ngati sukulu yake ili ndi mphunzitsi wa fizikisi ndi labotale yoti ayesereko chilichonse.